Mawu a pa Chiliza Chanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikhulupirira mwendo uja unaleka kuvuta, poti sindinamvepo kuti kumwamba kuli zitunda.

Kuno tilipo. Mpunga wa kudambo unachita bwino, koma chimanga chinatinamiza: mapesi ataliatali ngati anyamata a m'tauni, ukasenda mulibe kanthu. Mkazi wa mng'ono wanga Fanuwelo anachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kugombe, ndiye dzinalo silinasochere. Msewu wa ku Makanjira ukadali momwe munausiyira, musadandaule kuti chitukuko chikukupitani.

Chandilembetsa kalatayi ndi chiliza chanu. Simenti ilipo, mmisiri wapezeka, chatsala n'chakuti tilembepo chiyani. Ntchitoyi andipatsa ine, ati poti ndinapita ku koleji. Paja munkati sukulu inandinola lilime n'kuiwala manja. Lero lilimelo laitanidwa.

Fanuwelo anabwera kuchokera kuhotela kuja akugwira ntchito ku Makokola, mawu ali okonzeka kale: "Ngwazi yathu." Akufunanso awasindikize pa malaya oti tidzavale tsiku lovumbulutsa chiliza. Ndinayamba ndaseka. Pomwe tinkafika m'dziko muno mawu amenewa anali ndi mwini wake mmodzi, ena onse ankangowaimba. Lero akugawidwa ngati usipa wa tsiku lomwe maboti adzaza. Mnyamata akachinya chigoli, ngwazi. Dalaivala wa lole akadutsa matope osatsitsa anthu, ngwazi. Wina ndinamuona pa foni akutchedwa ngwazi chifukwa chomaliza yekha beseni la mpunga pa ukwati.

Fanuwelo sanaseke nawo. Anati, "Achimwene, munthu wothawa nkhondo ku Mozambiki wapansi, mwana kumsana, m'mimba mulibe kanthu, akapanda kukhala ngwazi, ngwazi ndi ndani?" Mwana wakumsanayo ndine.

Nkhani itafika kwa Achemwali a Luwiza, anangotumiza uthenga waufupi: "Mukalemba zimenezo, ine kumandako sindidzapondako."

Chifukwa chake mukuchidziwa, Amayi, koma tiyeni tichitchule, poti takhala tikuchilambalala ngati chitsa cha panjira. Tsiku lothawa lija Achemwali ankadwala chikuku, sakanatha kuyenda, ndipo msana munali nawo umodzi. Munawasiya kwa azakhali, mukuti mubwerera msanga kudzawatenga. Njira inatsekeka. Anadzatipeza ali namwali kale. Ndipo ndi omwewo amene anakusambitsani ndi kukutembenuzani pa mphasa mpaka tsiku lomaliza, ife amuna tikupereka moni pa foni.

Ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akuyanika usipa pa thandala, ndipo ndisanakhale n'komwe anati, "Iwe Dominiko, Chingerezi chakocho usiye m'thumba."

Ndinafunsa mwaulemu, "Achemwali, kodi Amayi mumawada?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndikanawada ndikanawachapira nsalu zija? Tamvera. Ngwazi anthu amaiwombera m'manja basi. Unamuonapo munthu akukwiyira ngwazi? Mukalemba zimenezo pa mwala ndiye kuti mlandu watha, ine wosiyidwa nditseke pakamwa, ndiziwomba nawo m'manja. Ine ndikufuna ndizipita pamenepo kukalankhula ndi mayi anga. Tsiku lina ndiwalalatire, tsiku lina ndiwalire. Musanditsekere khomo ndi simenti yanu."

Ndinawatsanzika n'kunyamuka.

Pobwerera ndinakumbukira alendo amene ankabwera kunyumba n'kumakuchondererani kuti muwasimbire za ulendowo. Inu munkangoti, "Inathawa ndi miyendo, ine ndinatsala." Ndinkayesa kudzichepetsa kwa amayi a mvano. Tsopano ndadziwa komwe munatsala.

Ndinkaganiza kuti vuto la mawu akuti ngwazi ndi kuchuluka kwa eni ake. Koma aja a mpira ndi a mpunga sapweteka munthu, asiyeni adyerere. Mawuwa amapweteka akagwera pa munthu amene anachitadi chinthu chachikulu, chifukwa tikangomutcha choncho timaleka kufunsa kuti anasiya chiyani m'mbuyo, nanga amene anasiyidwayo ali bwanji. Kwa ine munali ngwazi, zimenezo sindingakane, ndikupuma lero chifukwa cha msana wanu. Koma inuyo simunavomerepo dzinalo muli moyo, ndiye sindikuona chifukwa chokuvekani mokakamiza pomwe simungathenso kuvula.

Nditamuuza kuti mawu akewo salembedwa pa mwala, Fanuwelo anatupa masaya masiku angapo. Ndinamuuza kuti pa malaya asindikize zomwe akufuna, poti zimenezo zimasuluka ndi sopo. Koma pa mwala tilembapo dzina lanu, ndipo pansi pake: "Mayi wa Luwiza, Dominiko ndi Fanuwelo."

Nditakawawerengera Achemwali, anakhala kanthawi akutembenuza usipa womwe anali atautembenuza kale. Kenako anati, "Mwayambira langa?"

Ndinati, "Woyamba kubadwa ndinu, ine ndingatani."

"Ukamuuze mmisiriyo alikumbe mozama. Asangopaka utoto."

Ndiye abwera, Amayi. Ndikulonjeza kuti abusa akadzatseka mwambo, ndidzakusa anthu onse kupita nawo kunyumba, ndi Fanuwelo yemwe, ndikusiyeni awiriwiri. Konzekani, ali ndi zambiri zoti akuuzeni, ndipo zina si zokoma. Musadzayankhe msanga. Mudzangomva.

Ndine wanu wokukondani, uja munamubereka kumsana,
Dominiko