Tende Pabowo la Mbale ya Madzi

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya ngalande, mudzi wa Tazart. Lachisanu pa 14 Juni, itatha swala ya masana, pogawira madzi kuseri kwa mzikiti.

Woyankhula ndine Itto, mkazi wa malemu Moha. Cholembera sindichidziwa, akulemba ndi mwana wanga Yamna. Lemba momwe ndikunenera iwe, usakometse.

Opezeka: Haji Bassou, wapampando, Addi, wosunga mbale, Lahcen, ndi ine.
Osapezeka: Hammou, mlembi weniweni. Kanjedza wake atauma anapita ku Agadir kukasenza matumba.

1. Dandaulo la Lahcen

Lahcen anati mbale yamkuwa ija yobooka pansi, imene timaiyandamitsa mundowa kuti ikamira tidziwe nthawi ya madzi a munthu, kwa aliyense imamira msanga, koma ikafika pa ine imachita ulesi. Gawo langa ndi mbale zisanu ndi imodzi, ndipo wonditsatira ndi iyeyo.

Anati, "Kapena mbaleyi ikukufunani ukwati, Mayi Itto?"

Ndinati, "Bola iyo, imadziwa nthawi yokhala chete."

Wapampando anaitembenuza mbale ija. M'mphepete mwa bowo munali zomata. Ananunkhiza. Tende, chipatso cha kanjedza!

Addi anavomera. Anati chimwalirire Moha, zaka zitatu, ikakwana nthawi yanga amamatapo kachidutswa ka tende kuti bowo lichepe. Addi! Munthu wosunga mbale zaka makumi anayi, amene pakangano timati kafunseni Addi! Lemba kuti ine sindinkadziwa. Ulembe kawiri.

2. Kuyesa mbale

Wapampando anati mbale itsukidwe, atsegule madzi anga pomwepo, aliyense aone. Addi anatsala pandowa kuti azifuula ikamira, ife tikutsatira madzi.

Moha ali moyo, madzi ankafika pamitengo yanga mbale yoyamba isanamire, tinsomba tili momwemo, achule akusokosa osamvana. Lero madziwo amachita kukwawa, dothi louma likuwamwa. Chule ngakhale mmodzi ayi.

Tinangomva Addi, "Yachisanu ndi chimodzi!" Natseka.

Madzi anali pakhoma la Lahcen, kutatsala mapazi makumi atatu. Kanjedza wanga, mitengo isanu ndi iwiri imene anadzala Moha, tende akadali wamuwisi, sanalawe ngakhale dontho. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Ndiye kuti zaka zitatu zonsezi mitengoyo imakhalira moyo kachidutswa kaja.

3. Chimene chatha madzi

Wapampando anati mvula yakana zaka zisanu, ndi za Mulungu. Addi anati, "Haji, zitsime za alimi a mavwende kumtunda kuja anakumba ndi Mulungu? Mapampu aja amayatsa ndi angelo?" Tinagwirizana zolembanso kalata kuboma, yachinayi.

Wapampando anatinso mwalamulo gawo langa ndalandira lonse, poti makolo anatigawira nthawi, osati madzi. Ndinati, "Nthawiyo ndiitungire m'chiyani, Haji, ndikathirire mitengo?"

4. Chilango cha Addi

Wapampando anati wochita chinyengo pambale amalandidwa mbaleyo. Anati agamule ndi Lahcen, poti madzi ankachepawo ndi ake. Lahcen anayang'ana ngalande youma ija nthawi yaitali. Kenaka anapisa m'thumba la mkanjo wake, natulutsa tende mmodzi, namupatsa Addi.

Anati, "Mumamata mowumira inu, achimwene. Muzionjezera."

5. Zina ndi zina

Wapampando anati za tende woyamba zilembedwe, koma za wachiwiriyu ayi, poti m'buku la komiti simungakhale zoti tinabera mbale tonse. Iwe Yamna, lemba. Woyamba anali wa munthu mmodzi, wachiwiriyu ndi wa mudzi.

Msonkhano wina udzakhala pa 28 Juni pomwepa, ngati m'ngalande mudzakhale madzi odzaza ndowa. Tinabalalika akuitanira swala ya chakumadzulo.

Wapampando: Haji Bassou. Anakana kusaina, Yamna anamuwerengera kawiri, anasaina.
Mlembi: Itto wa Moha. Chala changa ndi ichi.