Ngaka Imene Anaipeza M'lole ya Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija yasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga ndiye ayi. Pafoni ndakhala ndikungoti tili bwino chifukwa ndikudziwa kuti amayi amakhala ali pambali panu. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Alamu anu ali m'chitolokosi. Apolisi anaimitsa lole imene amayendetsa ija pamsewu waukulu, ndipo kuseri kwa mpando anapeza thumba muli ngaka yamoyo. Mukuikumbukira ngaka, kanyama ka mamba kaja tinakapeza kumunda tili ana, bambo n'kutikalipira kuti tikasiye kazipita? Akuti masiku ano zatsala pang'ono kutheratu, ndiye mlandu wake ndi waukulu. Belo anawakaniza.

Nditapita kukawaona, anandiuza kuti thumbalo anawapatsira munthu wina pamalo omwetsera mafuta, ndipo sanadziwe zimene zinali m'katimo. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinauza eni nyumba, ndinauza abwana anga kulesitilanti kumene ndikutsuka mbale. Mayi wina woyandikana nafe atanena pampopi kuti madalaivala onse ndi akamberembere, tinakokana mpaka ndowa kugubuduzika.

Lachiwiri lapitali mlandu unalowa m'khoti. Ngakayo anabwera nayo m'bokosi ngati umboni. Ndisakubisireni, ndinapita nditaida nyamayo. Ndinkati iyo ili ndi dokotala wake, galimoto yake, ndi anthu oisakira chiswe, pamene bambo a ana anga akugona chokhala, m'chipinda chimene anthu amachita kusinthana pazenera kuti apume. Kodi munthu ndi nyama wamkulu ndani?

Dokotala wa zinyama, mtsikana wamng'ono ndithu, anafotokozera khoti kuti ngakayo ndi yaikazi ndipo anaipeza ili ndi mkaka. Anati kwinakwake kutchire inasiya mwana amene sangakhale moyo payekha. Atatsegula bokosilo inali itadzipinda ngati mpira. Kenaka inatulutsa kankhope pang'onopang'ono, timaso tating'ono, mwendo uli ndi chilonda cha waya. Inanunkhiza m'makona onse a bokosi ngati ikufuna chinachake. Achemwali, ine ndayamwitsapo. Mkwiyo wonse uja unandithera, ndinangozolika.

Kenaka woweruza anafunsa alamu anu ngati ali ndi mawu. Anaimirira n'kunena kuti ankadziwa. Anati ankaimva ikupuma kumsana kwawo njira yonse, mpaka anakweza wailesi kuti asaimvenso. Sanandiyang'ane. Loya amene boma linawapatsa anangogwira pamphumi.

Tisanasiyane ndinawafunsa chifukwa chimene anandinamizira. Anati ankaopa kuti ndiwathawa. Anatinso anatopa kuona ana akugona pakati pa mabeseni mvula ikamagwa, ndipo munthu wa thumba uja anawalonjeza kuti akayenda ulendo umodzi wokhawo tisamuka m'chipinda chodonthachi. Munthuyo foni yake inazima tsiku lomwelo. Amene anatchera waya sakudziwika, amene ankadikira katunduyo sakudziwika. Wagwidwa ndi wonyamula basi.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi mwana wanu uja, wachisamba wangayu. Kusukulu ali m'gulu losamalira zachilengedwe, ndipo chithunzi cha ngaka chimene chili pakhoma m'kalasi mwawo anajambula ndi iyeyo. Bambo ake ndi amene anamugulira mapensulo ake. Tsopano anzake akumutcha mwana wa ngaka, ndipo akamadutsa amadzipinda n'kumaseka. Wasiya kupita kusukulu. Chakudya amangochitokosa.

Dzana ndikuchapa anabwera n'kukhala pambali panga. Anandifunsa ngati n'zotheka munthu kukhala wabwino kunyumba koma woipa panjira. Nditamuuza za agogo ake ndi ngaka ya kumunda ija, anafunsanso kuti kodi agogowo sanali osauka, nanga bwanji iwo anaisiya? Ndinangolimbikira kufinya malaya. Inu mwina mukanadziwa chomuyankha. Wamng'onoyu sakudziwa kanthu, akamva lole pamsewu amathamangira kukhomo.

Ine ndemwe sindikudziwa kuti ndiime pati. Ndikawaganizira m'chitolokosimo chifundo chimandigwira. Ndikakumbukira kuti ndinamenyana ndi munthu poikira kumbuyo bodza lawo, ndimafuna kutaya zovala zawo panja. Ndapita kukapepesa kwa mayi wa pampopi uja. Sanandiseke, anangonditungira madzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka.

Chigamulo chiperekedwa Lachisanu la sabata yamawa. Loya wandiuza kuti ndisayembekezere miyezi, ndikonzekere zaka. Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Ndikudziwa kuti kumunda kwakupanikizani ndipo amayi akufunika wowayang'anira, koma chibale ndi fupa, sichiola, ndipo kuno ndilibe wina. Wachisamba uja waumirira kuti apita nawo kukhoti, akuti akufuna bambo ake amuone kuti wabwera. Ndalephera kumuletsa. Ndikufuna pakhale munthu womugwira dzanja pamene woweruza azitchula zakazo, chifukwa ine sindikudziwa ngati ndidzathe kuimirira.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawauze kaye mpaka mutaona nokha mmene zilili. Moni kwa amalume, azakhali, ndi ana nonse. Apongozi anga mukakumana nawo, apatseni moni wokhawokha.

Ndidzakhala ndili pasiteji ya basi Lachinayi kuyambira m'mawa.

Ine mng'ono wanu,
Make awiri