Amayi Adinda Chala pa Munda

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mkanda matupi ali bwino, koma mitima ili m'mwamba.

Lachiwiri, ine ndili kumsika, kunabwera anthu a kampani ya magetsi a dzuwa. Anauza amayi kuti akufuna kubwereka munda wathu. Amayi anadinda chala papepala, poganiza kuti ndi kubwereka kwa dzinja limodzi, monga timachitira kuno.

Dzulo ndinawapeza anthu a kampani aja kumunda akukhoma zikhomo mpaka pamango anabzala malemu bambo aja. Nditafunsa kuti adzabweza liti, wina anangoseka. "Mayi, mapanelo a magetsi sitikolola ayi."

Ndikuopa, achimwene. Chonde imbani foni asanamange mpanda. Mbewu ya mtedza ili m'thumba, kokabzala sindikukudziwa.

Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Esinati