Mapointi a achimwene

Lolemba, 7 Julayi

Ababa sakudya. Phala angolawa n'kutembenukira kukhoma. Adokotala anena kuti tizingowasamalira kunyumba.

Ndaimbira achimwene, a Elson, ku Ireland. Akuti abwera, koma tikiti sagula ndi ndalama ayi. Ali ndi khadi la ngongole la kubanki, akagula chilichonse amawapatsa mapointi, mapointiwo akachuluka ndege n'kukwera ulere. Mpando wa mapointi ukupezeka pa 16 basi. Ndafunsa, nanga wogula? Akuti uliko mawa lomwe. "Koma Sheila, ndawaunjika zaka zonsezi, ndiwasiye?"

Ndangoti chabwino, achimwene.

Lachitatu, 9 Julayi

Chiperoni tsiku lonse. Zofunda za ababa sizikuuma, ndaziyanika m'khitchini, zikununkha utsi. Kuntchito kuesiteti ya tiyi sindinapite, akapitawo ayamba kuyankhula.

Lachisanu, 11 Julayi

Ndawauza achimwene kuti zinthu zafika poipa. Andiyankha ndi voisi yaitali. Akuti khadilo lili ndi inshuwalansi ya paulendo, chikwama chikasowa amalipira, ndege ikachedwa amakugoneka kuhotela. Ndamvera ndikutsuka beseni la ababa.

Ababa anamva mawuwo. "Ndi Elson? Wafika pa Nkando?" Ndati ali m'njira. Munthu amene ankasenzera azungu katundu kukwera phiri mpaka ku Chambe ali wosavala nsapato kuti mwana aphunzire, lero ndikumunamiza ngati khanda.

Lamulungu, 13 Julayi

Ababa atisiya mmawa, belu loyamba la kutchalitchi likulira.

Lachiwiri, 15 Julayi

Taika. Amalume a Fanuel anakana kudikira, akuti mwini mwana anasankha yekha tsiku lake. Sindinawatsutse. Azimayi kumanda amanong'ona, "Wa kunja uja ali kuti?" Wina akuti mwina alibe mapepala. Bola zikanakhala choncho.

Lachitatu, 16 Julayi

Achimwene atumiza chithunzi ali pabwalo la ndege, m'chipinda cha okhala ndi makhadi otere. Mipando yofewa, chakudya chaulere. Pansi alemba, "Ndikubwera mlongo, limba mtima." Ndazimitsa foni.

Lachisanu, 18 Julayi

Afika dzulo madzulo, onenepa, jekete lonunkhira. Lero anati tipite pa Chitakale akagule shuga ndi ufa wa anthu otsala pasiwa. Tadzaza trole. Patilu khadi lakana. Mtsikana wayesanso, kenaka akuti makina awo salandira makhadi a kampani imeneyo, amalandira a makampani ena. Achimwene akuti, "Koma limagwira dziko lonse lapansi ili!" Mtsikana akuti, "Kuno ayi, bwana." Mzere wonse maso pa ife. Ndalipira ine pafoni, zina tabweza.



Loweruka, 19 Julayi

Mmawa anandipempha ndikawaonetse manda. Ndinafuna kuwauza kuti akafunse amalume. Ndinangotenga ambulera.

Njira yonse matope. Titafika, anayang'ana mtumbira, nkhata zitafota kale ndi mvula. Anayamba kunena kanthu, "Ababa, ndine..." Anagwada m'matope momwemo ndi buluku lawo lodula, n'kulira ngati mwana wotayika pamsika.

Ndinaima patali, mtima uli gwa. Mvula inakula. Kenaka ndinangoona ndasendera, ambulera ili pamutu pawo, ine ndikunyowa.