Amayi Alanda Mapoto Awo

Achemwali okondedwa,

Kuno ku famu ya fodya ya ku Banket tili bwino, kaya inu ndi alamu ku Dedzako?

Amayi sakubweranso kudzafera kumudzi! Ine ndinkaganiza kuti kutentha thupi ndi thukuta lija, zimene iwo ankati ndi imfa, n'kusiya kusamba chabe, koma ndinkaopa kunena, poti mwina mabuku andinamiza. Lachiwiri namwino wa kumishoni anatsimikiza: zimatenga zaka zingapo, kenako zimazilala zokha.

Tsopano posankha fodya amakhala pafupi ndi khomo, kansalu konyowa kali m'khosi, ndipo tiyi wotentha achepetsa. Dzulo anazungulira komboni yonse kulanda mapoto amene anagawa potsanzikana. Ndinawamva akukuwa, "ANaphiri, bwezani poto wanga, maliro aja alephereka!"

Muwatumizire nsalu yopepuka. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati