Ndinamuuza abwere ndi makolo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwendo wa amayi unasiya kutupa.

Koma ine mtima suli m'malo. M'kalasi mwanga muli mtsikana, Esinati, amene ankachedwa tsiku ndi tsiku, makope ali onyowa. Lolemba ndinamubweza pakhomo: "Usabwerenso popanda makolo ako!" Anangoti, "Chabwino, madamu," n'kutembenuka. Sanaonekenso.

Dzulo mnzake anandiuza kuti chigwereni nyumba yawo ku Likangala ndi mvula ija, Esinati amagona m'khonde la sitolo kumsika. Makolo alibe. Ine osamufunsa n'komwe.

Mawa ndikamusaka. Ndikamupeza, chonde mundilole azigona m'chipinda chanu chija. Mwanayo ankadzuka pakhonde n'kubwera yekha kusukulu, achemwali, womuthamangitsa n'kukhala ine.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Agnesi