Pulogalamu ya Mbatatesi

Tsangano,
Ntcheu.
14 Julayi 2019

Okondedwa achemwali a Regina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwazizira koopsa, amayi chifuwa chija chinawasiya, ndipo Chiso wayamba kuyenda.

Ndili ndi nkhani, achemwali, ndipo musandiseke. Makompyuta akale apasukulu pathu pano amayendera Linux, ija yaulere imene aliyense ali ndi ufulu woitsegula m'kati ndi kuisintha. Ine ndinatha zaka ziwiri ndikulemba pulogalamu yothandiza alimi kuzindikira matenda a mbatatesi. Inkagwira ntchito bwinobwino, koma anthu ankaithawa. Mabatani ake anali aakulu ngati zidina, zilembo zosiyana ndi zinzake, zenera lake losagwirizana ndi china chilichonse pakompyutapo. Mlangizi wina anafunsa pamaso panga ngati inali vairasi yowononga kompyuta.

Mlamu wanu Janeti, yemwe ndinamuphunzitsa ndine kugwira mausi, anati, "Bambo a Chiso, bwanji ndiiveke zovala zapakhomo pano?" Ndinamulola, mumtima ndikuti alephera. Patatha miyezi itatu inatuluka yosalala, mabatani, mitundu ndi mazenera zonse zofanana ndi za mapulogalamu ena, ngati inabadwira momwemo. M'katimo sanasinthemo kanthu, nzeru zonse ndi zanga. Koma lero pamsika anthu akuti "pulogalamu ya Mayi a Chiso". Ine amangondifunsa ngati ndimathako zimenezi.

Kenaka gulu la anthu okonza Linux linaiika pamndandanda wa mapulogalamu awo, n'kulemba kalata yoitana Janeti kumsonkhano ku Nairobi kuti akafotokoze mmene anaikonzera. Dzina langa linalimo, koma kumunsi, m'zilembo zing'onozing'ono. Kalatayo inafikira pa imelo yasukulu, imene ndimatsegula ndine ndekha. Achemwali, ndinakhala nayo masiku asanu ndi anayi osanena. Ndinkadya naye, kupemphera naye, ndikudziwa kuti tsiku lomaliza kuyankha ndi Lachisanu. Ndinafika pofufuza zolakwika m'ntchito yake kuti mtima ukhale pansi, koma ndinangopeza ziwiri, ndipo zonse zinali zanga.

Lachinayi ndinaisindikiza n'kumupatsira kumunda, akupatula mbewu. Ndinanama kuti yangofika kumene. Anapukuta manja, anaiwerenga mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ananditumiziranso pafoni tsiku lomwelo. Sindinayankhe. Ndimadikira kuti mundipatse inuyo."

Sanakalipe, sanalire. Anabwerera kumbewu zake. Ndikanakonda akanandituka.

Kalatayo anaiyankha, ndipo ananyamuka dzulo ulendo wa ku Nairobi. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pasiteji, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndine mwamuna womvetsa zinthu. Basi itachoka ndinamva kuwawa kuwiri, kwa manyazi ndi kwa nsanje, ndipo sindikubisirani, nsanje sinathe. Ndikulemba pano ndikuganiza za anthu amene akamuombere m'manja.

Chopempha changa n'chakuti amayi asamve zimenezi. Komanso mukamuimbira foni, mumuyamikire kwambiri, monena zoona, chifukwa ine ndimalephera kumuuza mawuwo.

Moni kwa alamu a Redson ndi ana onse. Amayi akuti musaiwale bulangete lija. Janeti anandiuza kuti ndikamalemba ndikupatseni moni wake, ndipo anati ndikuuzeni kuti pulogalamuyi tinapanga awiri. Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlongo wanu,
Dyton